Amuna Anga Anabwera ku UK ndi Ngongole Yokhayokha

1

Ndine Ndaziona wa kwa Kabudula. Ngati munagulitsapo mtedza pamsika paja, mwina tinakanganapo pa sikelo, chifukwa pakamwa panga anthu amapadziwa. Pakamwa pomwepo ndi pamene panandithetsera banja. Koma mpeni anandinolera ndi abale anga enieni, ndipo lero ndiwatchula mmodzimmodzi.

Amuna anga, a Elias, ndi mphunzitsi wa kusekondale yoyendera. Kwawo ndi ku Namitete, koma monga mwa mwambo anadzamanga kwathu pachikamwini, kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndi munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ndili ndi pakati pa mwana wathu Chisomo, anapeza malo a sukulu ku UK. Bungwe lina linalipira theka la fizi, theka linalo anakongola ku kampani ya komweko yobwereketsa ophunzira. Zimenezi anandiuza asananyamuke, ine ndikuvomera. Ndinkaganiza kuti munthu akafika kwa Azungu, ngongole imadzibweza yokha.

Tsiku lobwera, amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu anakonzeratu nyimbo. Ana anakhala kumsewu kudikira galimoto yatsopano. A Elias anatsika minibasi ndi sutikesi imodzi, ataonda ngati anali kundende. Mu sutikesimo munali mabuku, jekete, nsapato za Chisomo ndi nsalu yanga imodzi. Amayi a Chigwirizano anaimbabe, koma nyimboyo inatha msanga.

Ntchito yapamwamba anaisaka m'tauni mpaka nsapato kutha. Sinapezeke. Anabwerera kusukulu yomwe ija, kukagwira choko chomwe chija.

2

Apa ndi pamene ndinadziwa ngongole ya kunja kuti ndi chiyani. Kampaniyo inkafuna mapaundi, pamene amuna anga amalandira makwacha. Kwacha itagwa kumapeto kwa 2023, ngongole ija inafufuma ngati mandasi popanda munthu kukongolanso kanthu. Kubanki ankawauza kuti ndalama zakunja kulibe, ndiye mwezi ukatha ankapita m'tauni kukazisaka mwa anyamata pamtengo wolira nawo. Anagulitsa njinga yamoto. Loweruka ankapalasa yakapalasa mpaka ku Nsaru kukaphunzitsa ganyu pasukulu ina yapulaiveti. Sopo, mchere, chigayo, zonse zinagwera pa mtedza wanga.

Ndinkakwiya, sindinama. Akazi anzanga ankandifunsa pamjigo kuti kodi mapaundi ndimabisa pati, ine ndili ndi chitenje chong'ambika.

Pomwepo mlongo wanga wamng'ono, Owen, zake zinkayenda. Anali mlimi wa fodya, dikoni kumpingo, ndipo amuna anga ali kunja anafolera nyumba ya amayi ndi malata. Ndi iyenso ankalima mbali yaikulu ya dimba la mbumba yathu, dimba losaphwa madzi limene agogo athu anatisiyira. Amayi ankamutchula Owen paliponse, ngakhale m'pemphero.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. A Elias akawaona amayi panjira ankapatuka, n'kunjuta patali ndithu, kupereka moni nkhope ili kumbali. Amayi nawo sankawanena pamaso. Ankangomunyamula Chisomo, kuima pomwe mawu angafike pazenera lathu, n'kumalankhula ndi mwanayo mokweza.

"Iwe ukakula usadzakwere ndege, wamva? Atsibweni ako sanapitirire pa Njewa, koma taona malatawa. Ena anakafika kwa Azungu n'kutibweretsera ngongole."

A Elias ankamva ali m'nyumba, akuchonga makope a ana. Sankadzutsa n'komwe mutu. Kufatsa kumeneko kunkandinyansa kuposa umphawiwo.

3

Kenako panabwera Jacqueline. Mwezi uliwonse foni inkalira, nambala yakunja, mawu a mkazi. A Elias ankatuluka nayo kupita kuseri kwa khola, kumakalankhula Chizungu chapansipansi, chopepesapepesa. Nditafunsa anati ndi Jacqueline, mayi wa kukampani ya ngongole, amawakumbutsa akachedwa kulipira. Ndinawafunsa kuti ndi ngongole yanji yokhala ndi mawu okoma choncho, yofunsa ngati munthu wadzuka bwanji. Anangoseka pang'ono.

Mwina ndikanazisiya. Koma tsiku lina pamsika ndinakumana ndi mkazi wa mphunzitsi wina amene anaphunzira limodzi ndi amuna anga, sukulu imodzi, chaka chimodzi, kampani ya ngongole imodzi. Pocheza anatchula zimene amuna ake amabweza pamwezi. Sizinkafika ndi theka lomwe la zathu.

Ine ndi munthu wa sikelo. Madzulo ake ndinawafunsa a Elias kuti theka linalo linapita kuti. Anati moyo wa kunja ndi wodula. Ndinati mnzawoyo ankadya mphepo? Anati pali zinthu zimene si iwo oyenera kundiuza, ndipo ndiwakhulupirire.

Mawu amenewo ndinapita nawo kwa amayi, monga mwana wamkazi aliyense amachitira. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti banja ndi kupirira, poti ndi nyimbo yawo ya masiku onse. Sanatero. Anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, kodi mpaka tikuchite kukutsina khutu? Mwamuna zaka ziwiri kunja yekha. Kumeneko kuli mkazi, mwina ndi mwana yemwe. Iwe ukuswa msana ndi matumba kuti udyetse Mzungu."

Ananditsimikizira kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ndi bwino kumutaya usanathyoke naye dzanja. Owen nayenso anathirapo ndemanga kuti alamu akewo akungodya za pamudzi pano osabweretsa kanthu. Ine mtima unali utawira kale, iwo anangosonkhezera.

4

Ndinaitanitsa ankhoswe. Kumbali yanga anali amalume a Yosefe, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba, mkulu wa mpingo wa zaka zambiri. Kumbali ya a Elias kunabwera akulu awo kuchokera ku Namitete. Tinakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya amalume. Amayi anakhala chapatali atatembenukira kumbali, monga apongozi amakhalira, koma khutu lili kuno.

Ndinalankhula, abale. Ndinatchula Jacqueline, ndinatchula njinga yamoto, ndinatchula theka losowalo. Ndinati ndinakwatiwa ndi mphunzitsi, koma wabwera ndi mlendo wodya zanga ndi kutumiza zake kwa hule lake la kunja. Ndinanenanso mawu amene mpaka lero amandiwotcha: kuti pamudzi pano mwamuna ndi Owen, ena ndi mathalauza chabe.

Akulu awo anawachonderera kuti afotokoze. Anati ngati pali mkazi anene, mlandu wotero umakambidwa n'kutha. A Elias anati mkazi palibe. Atafunsidwa za ndalamazo, sanayang'ane ine kapena akulu awo. Anayang'ana amalume.

"Amalume, inu mulibe mawu pa nkhaniyi?"

Amalume anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Ine ndabwera kudzamva, bambo. Mlandu ndi wanu."

A Elias anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndikukhulupiriradi zimene ndanenazo. Ndinati ndi mtima wonse. Ndinawonjeza kuti ngati alephera kunena chilungamo, pakhomo pano ndi pa amayi anga, njira ya ku Namitete akuidziwa.

Mkamwini akauzidwa choncho pamaso pa ankhoswe, palibenso chotsala. Nyumba anamanga okha, njerwa anaumba okha, koma dothi ndi lathu. Anatenga sutikesi yomwe ija, anamunyamula Chisomo kanthawi, n'kumutsitsa. Podutsa pomwe panali amayi ananjutabe, n'kutsanzika mwaulemu. Ine ndinkaona ngati ndapambana.

5

Mvula inagwa, inatha. A Elias anapempha kusamukira kusukulu ya kufupi ndi kwawo. Mwezi uliwonse ankatumiza kangachepe ka Chisomo pafoni, opanda mawu ena. Gawo la dimba limene ankalima, amayi anapatsa Owen sabata yomwe anachoka pamudzi.

Nthawi yosankha fodya ndinapita kukathandiza kuchigafa kwa Owen. Ndinapezako mlamu wanga Lines, mkazi wake, ali yekha, maso ali psu. Owen anali atagulitsa mbuzi zake ziwiri osamuuza, mbuzi zochokera kwawo kwa mkaziyo, ndipo amayi anali ataikira mwana wawo kumbuyo monga mwa masiku onse. Ndinayesa kumutonthoza ndi mawu opusa, akuti Owen ngakhale ali ndi zofooka amagwira ntchito, si ngati ena amene ndinawathamangitsa.

Lines anaponya pansi fodya anali m'manja.

"Alamu, inu mumadziyesa ochenjera pamsika, koma pakhomo pano ndinu nokha osadziwa. Dimba lija mukuganiza kuti likanakhala lanu lero?"

Anandifotokozera zonse, osapuma. Chaka chimene a Elias anapita kunja, Owen anatenga feteleza wa ngongole ya fodya n'kumugulitsa, ndalama n'kuthera kubetcha mpira ndi kwa mkazi wina wa pa Mpingu. Pofuna kutseka dzenjelo anakatenga katapila kwa wamalonda wina, n'kupinyolitsa dimba la mbumba mwakachetechete. Katapila anabereka, Owen analephera, mwini ndalama anabwera ndi anyamata kudzayeza malire. Ine nthawi imeneyo ndinali kuchipatala kudikirira, miyendo itatupa, magazi atakwera.

Amayi sakanatha kupempha mkamwini pakamwa, mwambo sulola. Anatuma amalume. Amalume ndi amene anaimba foni ku UK, kunena kuti apongozi anu akulira, dimba likupita, Owen amudula kumpingo, ndipo Ndaziona akamva zimenezi ali ndi pakati tingamutaye. A Elias anabwerera kukampani ija, n'kukongola ndalama zina zimene amapereka kuti wophunzira alipire nyumba ndi chakudya, n'kuzitumiza zonse kuno. Iwo ankakhalira ganyu yosambitsa nkhalamba. Amalume anawalumbiritsa kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu, isadzamveke, ndipo Owen akadzagulitsa fodya adzabweza.

Ndinafunsa za malata. Lines anaseka moipa. Anati dimba litawomboledwa panatsala ndalama, ndipo m'malo mozibweza kwa mwini wake amayi anati denga likudontha.

6

Ndinawapeza amayi akupeta soya pakhonde, pansi pa malata omwewo. Amalume anali pampando chapafupi, akuwerenga Baibulo. Sindinapereke moni. Ndinawafunsa ngati zimene ndamvazo zili zoona.

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena alira. Amayi sanasiye n'komwe kupeta. Anangofunsa kuti wandiuza ndi Lines eti, mkazi wopanda mwambo uja. Kenako anati inde, ndi zoona, nanga pali chachilendo chanji.

"Mkamwini amabwera kudzagwira ntchito pamudzi. Kale ankalima munda wa apongozi, uyu analima ndi ndalama. Tinamupatsa mkazi, tinamupatsa malo. Ukufuna tizimugwadira?"

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandinamizira za mkazi wa kunja, akudziwa bwino kumene ndalama zinapita. Apa ndiye anaika lichero pansi. Anati munthu amene wakuona uli maliseche sukhala naye pakhomo. Anati tsiku lililonse a Elias akanjuta panjira, iwo ankaona ngati akuwakumbutsa. Ndipo tsiku lina a Elias akanatopa, n'kuulula, Owen n'kuchotsedwa udikoni, mudzi wonse n'kutiseka.

"Mwamuna upeza wina. Mlongo wako ndi mmodzi. Chibale ndi fupa, sichiola."

Ndinatembenukira kwa amalume, nkhoswe yanga, munthu amene anaimirira kutchalitchi tsiku la ukwati wathu kulonjeza kuti adzaliteteza banjali. Ndinawakumbutsa kuti a Elias anawafunsa pamaso pa anthu ngati alibe mawu. Anatseka Baibulo chala chili mkati, kuti asataye tsamba. Anati iwo ndi mwini mbumba poyamba, unkhoswe umabwera pambuyo, ndipo sakanavula mlongo wawo pamaso pa anthu a ku Namitete. Anandilangiza kuti ndipemphere, Mulungu andichotsere mkwiyo.

Zimene ndinawayankha sindingazilembe m'magazini. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera. Ndinanena zonse mokweza, za katapila, za mkazi wa pa Mpingu, za malata, kuti aliyense amve. Owen anabwera akuthamanga kuti andimenye, amuna awiri anamugwira. Amayi anandiuza kuti kuyambira tsikulo alibe mwana wamkazi.

7

M'mawa mwake ndinabereka Chisomo, ulendo wa ku Namitete. Ndinawapeza a Elias pakanyumba ka lendi kuseri kwa msika, akuchapa malaya awo m'beseni. Chisomo anawathamangira. Ine anandipatsa mpando ngati mlendo, n'kundifunsa za kumudzi, za amayi, za mvula.

Ndinagwada. Ine Ndaziona, amene sindinagwadirepo munthu pamsika. Ndinawauza kuti ndamva zonse, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere tsiku lija, poti mawu awiri okha akanatha mlandu. Anati mkamwini satsutsa apongozi pabwalo, ndipo analumbira. Anati akananena, amalume akanakana, amayi akanalira, ndipo ine ndikanakhulupirira magazi anga, osati iwo. Ndinafuna kutsutsa, koma ndinadziwa kuti sakunama.

Ndinawapempha kuti abwerere, kapena ine ndibwere kuno, tizibweza ngongoleyo limodzi. Ndinati mtedza wanga ulipo, manja anga alipo. Anafinya malaya, kuwayanika pachingwe, n'kukhala pakhonde.

"Mayi a Chisomo, ngongole sinandipweteke. Ndinaitenga ndikuona, ndipo ndidzaimaliza ngakhale imvi zitamera. Amalume anu sindinawadalire kwenikweni. Tsiku lija ndinkadikira inu. Ndinkati mkazi wanga anena kuti ndalama sindikudziwa kumene zinapita, koma munthu uyu ndikumudziwa."

Ndinalira mpaka Chisomo kuyamba kulira nawo. Anandilola kulira, kenako anatiperekeza pokwerera minibasi. Anati mwana ndizibwera naye nthawi ina iliyonse. Za ine anati mtima wawo sunafike, ndipo sakufuna kundinamiza kuti udzafika.

8

Kwa Kabudula ndinachokako. Mkazi wa Chichewa kusiya dothi la amayi ake n'kukachita lendi, anthu amati ndapenga. Ndili ku Namitete, mbali ina ya msika, ndikugula ndi kugulitsa mtedza womwe uja. Mwezi ukatha ndimatumiza kangachepe kwa a Elias kuti awonjezere pa mapaundi. Miyezi yoyamba ankabweza. Tsopano amalandira, n'kulemba kuti zikomo, basi.

Nkhani ija inafika kumpingo. Owen anamuimitsa udikoni kwa kanthawi, pano anabwezeretsedwa, ndipo ndamva kuti amaphunzitsa achinyamata za kukhulupirika. Amalume akadali mkulu wa mpingo. Palibe mwa iwo amene anabwezapo ngakhale tambala. Akuti kumudzi amandipempherera kuti ndisiye kuwawidwa mtima. Asavutike, sindinakhululuke, ndipo sindinama kuti ndili pafupi kutero.

Inu owerenga, makamaka amene muli ndi wanu wobwera kunja chimanjamanja: musanamuseke, dzifunseni kuti zaka zimene anali kumeneko foni zopempha zinkachokera kwa yani. Ndipo inu akazi anzanga a pachikamwini, mwamuna amene ali pakhomo panu ali yekha. Bwalo ndi lanu, mboni ndi zanu, ngakhale mthunzi umene akhalapo poweruzidwa ndi wa mtengo wanu. Ngati inu simumuimira, palibe wina adzatero. Ine ndinali munthu mmodzi yekhayo amene a Elias anali naye pamudzi paja, ndipo ndi ine amene ndinawalozera njira.

Sabata yatha ndinawaona pamsika akugula tomato wa madzulo, wotsika mtengo uja. Ndinawapatsa moni. Anayankha bwinobwino, anapatuka pang'ono, nkhope ili kumbali, n'kundisiyira njira kuti ndidutse.